Matenda a mtima si a mabwana okha

Ndatopa kumva kuti matenda a mtima ndi a anthu olemera ndi onenepa. Amene ndimawaona atagwa mwadzidzidzi ndi alonda ausiku, osesa m'maofesi, onyamula katundu, anthu amene malipiro awo amatha mwezi usanafike pakati.

Nkhaniyi inadziwika kalekale. Kafukufuku wa Whitehall, amene anayamba mu 1967 pakati pa ogwira ntchito m'boma ku London, anapeza kuti a maudindo otsika ankamwalira ndi matenda a mtima kuposa akuluakulu awo. Mu 2021, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi loona za ntchito la ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata. Nanga wolandira zochepa angakane bwanji ovataimu?

Pali bambo wina, mlonda, amene mpaka lero sachoka m'maganizo mwanga. BP yawo inali yokwera kwambiri, 180/110. Ndinawapatsa mankhwala n'kuwauza tsiku lobweranso. Pempho lawo linali limodzi: "Adokotala, chonde musalembe kalata yopita kuntchito. Akadziwa andichotsa." Chinsinsi cha wodwala ndi chake, choncho sindinalembe. Koma tsiku lobweralo linagwera nthawi ya ntchito, kujomba kukanawadulitsa malipiro, ndipo sanabwere. Patapita miyezi anachita kuwanyamula, dzanja ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka. Ena anati anali munthu wosamvera malangizo. Mawu amenewo amandiwawa. Timauza munthu kuti azigona mokwanira pomwe ntchito yake ndi yochezera usiku wonse, kenako timamuimba mlandu akadwala.

Olemba ntchito nawonso amve. Kuyeza BP kuntchito n'kwabwino ngati zotsatira zake zikupita kwa wantchito mwiniyo ndipo akupatsidwa nthawi yopita kuchipatala osamudula malipiro. Zikamapita kwa bwana kuti aone woti amuchotse, anthu amabisa matenda mpaka kugwa nawo.

Tsopano kwa inu ogwira ntchito. BP yokwera nthawi zambiri sipweteka, ndiye musadikire mutu kuti mukayezetse. Ikamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, ikufunika chithandizo. Mankhwala ake sasiyidwa chifukwa choti mwayamba kupeza bwino. Ndipo amene akukugulitsani botolo la "zotsuka magazi" n'kukuuzani kuti mutaye mapiritsi akukuberani ndalama, akuikanso moyo wanu pachiswe. Palibe chakumwa chimene chimachiritsa BP kotheratu.

Mukamva chifuwa chikuthina, ululu ukupita ku dzanja kapena ku nsagwada, thukuta likutuluka, kapena mukaona mnzanu pakamwa papotoka, mawu sakumveka, dzanja lafooka, musadikire nthawi yoweruka. Pa sitiroko yobwera chifukwa cha magazi oundana, mankhwala owasungunula amathandiza akaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka. Siyani ntchitoyo, thamangirani kuchipatala, za bwana mukambirana pambuyo pake.