Kusungunula mtovu pakhomo: mphika wake, malo ake ndi moyo wa ana anu

Uthengawu ukupita kwa inu amene mumasungunula mtovu kuti muumbe zolemeretsa mbedza ndi maukonde, tizidole kapena tizitsulo tina ta ntchito zamanja. Mtovu ndi wofewa, susowa moto wambiri. Umasungunuka pa madigiri 327, moti mbaula ya makala imakwanitsa. Kuphweka kumeneku ndi kumene kumapusitsa anthu, n'kuyamba kuusewera nawo pakhonde ana ali pomwepo. Mtovu ndi poizoni, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wake m'magazi umene tingati ndi wosavulaza.

Tiyambe ndi mphika. Ukhale wachitsulo chochindikala, wa matako otakata kuti usagwedere pamoto. Mapoto a aluminiyamu ayi: akatentha kwambiri amafooka, ndipo mtovu ndi wolemera zedi, lita imodzi imapitirira makilogalamu 11. Poto akhoza kubooka muli chinyamulire. Zitini zopyapyala nazonso ayi. Ilipo miphika yamagetsi yopangidwira ntchitoyi, ina yotungamo ndi chikho chachitsulo, ina yokhala ndi kampopi pansi. Ubwino wake waukulu ndi woti mumatha kuchepetsa kutentha. Ya kampopi imakonda kudontha, choncho pansi pake pazikhala mbale yachitsulo youma. Mukamagula onetsetsani mphamvu ya magetsi yomwe yalembedwa, chifukwa yambiri yochokera ku America ndi ya mavoti 110 pomwe kuno ndi 230.

Mphika, chikho kapena supuni imene yakhudza mtovu isabwererenso kukhitchini mpaka kalekale. Ngakhale mutaikwecha ndi mchenga mpaka kuwala, mtovu umatsalira. Ilembeni chizindikiro, muziisunga pokhoma. Mwana wotumidwa kukatenga poto wophikira ndiwo sangadziwe kusiyanitsa.

Moto ukhale wongokwanira kusungunula basi. Mukaukolezera mpaka mtovu kuyamba kufiira, umatulutsa nthunzi yosaoneka, yopanda fungo, imene imalowa m'mapapo n'kupita m'magazi. Gwirani ntchitoyi panja, kutali ndi pophikira, poyanika nsomba kapena ufa, ndi posewerera ana, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Chenjerani ndi madzi. Kadontho kamodzi kakalowa pansi pa mtovu wosungunuka kamasanduka nthunzi nthawi yomweyo, mtovu n'kuphulika kumwazikira kumaso. Choncho zidutswa zonyowa musaziponye mumphika wotentha, chikombole ndi chikho muziyamba mwaziwotha kuti ziume, ndipo kukachita mitambo ingoimikani ntchito. Valani magalasi oteteza maso, magolovesi achikopa, nsapato zotseka ndi zovala za thonje za manja aatali. Za nayiloni zimasungunukira pakhungu. Masiki yansalu siitchinga fumbi la mtovu, yofunika ndi masiki yosefa fumbi ya mtundu wa P100 kapena FFP3.

Koma choopsa chachikulu sichioneka ndi maso, ndipo sichikhala pamoto. Ndi fumbi. Zotuwatuwa zija zimayandama pamwamba pa mtovu wosungunuka, zimene mumayengula n'kutaya pansi, zikauma zimasanduka fumbi lolowerera m'dothi, ndipo mtovu suwola. Umakhala momwemo zaka ndi zaka. Taganizani za mwana wokwawa pabwalo: manja m'dothi, kenako chala m'kamwa, kenako mbatata imene yagwera pansi watola wadya. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, pomwe ubongo wake ukukula kumene. Bambo amene wachoka pambaula n'kunyamula mwana wake asanasinthe malaya wamupatsira poizoni mwachikondi, osadziwa. Ichi n'chifukwa chake zoyengulazo muyenera kuzithira m'chitini chachitsulo chovundikira, pamalo pouma. Pogwirira ntchito muzipukuta ndi nsalu yonyowa moto utazima ndipo zonse zitazizira, osasesa ndi tsache, poti tsache limangoulutsa fumbilo. Musadye, kumwa kapena kusuta fodya muli pantchito. Mukamaliza sambani ndi sopo, sinthani zovala musanalowe m'nyumba, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha.

Mabatire akale a galimoto kapena a sola musawaswe pofuna mtovu. Muli asidi wowotcha khungu ndi maso, ndipo phala la mkati mwake likauma ndi fumbi la mtovu lokhalokha. Ku Thiaroye-sur-Mer, mumzinda wa Dakar ku Senegal, anthu ankaswa mabatire ndi kusefa dothi lake m'makomo kuti apeze mtovu wogulitsa. Pakati pa 2007 ndi 2008 ana 18 anamwalira. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi lomwe amasewerapo.

Matenda obwera ndi mtovu amayamba mwakachetechete. Munthu wamkulu amamva kupotokola m'mimba, kudzimbidwa, mutu, kutopa, kupsa mtima msanga ndi kuiwalaiwala. Pakapita nthawi magazi amachepa, BP imakwera, impso zimawonongeka, dzanja limatha kulefuka pamkono, ndipo mphamvu yobereka imachepa. Ambiri amangoti ndi malungo kapena zilonda za m'mimba. Mwana nthawi zambiri saonetsa chilichonse, zimadzadziwika ali kusukulu akulephera kugwira zimene akuphunzitsidwa, ndipo ubongo ukawonongeka chonchi subwerera mwakale. Mtovu ukachuluka kwambiri mwana amasanza, kukomoka kapena kugwa ngati wa khunyu. Zikatero thamangirani naye kuchipatala, musataye nthawi.

Amayi oyembekezera asayandikire ntchitoyi, ngakhale kuchapa zovala zake. Mtovu umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo pa nthawi ya pakati umatuluka n'kukafika kwa mwana m'mimba. Ukhoza kuchititsa kuti pathupi pachoke kapena mwana abadwe masiku asanakwane.

Pali chikhulupiriro chakuti ukamwa mkaka utapuma utsi woipa, poizoni amatsukika. Si zoona. Mkaka ndi chakudya chabwino, ndipo mwana amene amadya mokwanira zakudya monga usipa, nyemba ndi masamba obiriwira thupi lake limayamwa mtovu wocheperako kusiyana ndi wa njala, koma palibe chakudya kapena chakumwa chimene chimachotsa mtovu umene walowa kale. Njira yokhayo yodziwira ndi kuyezetsa magazi. Mukapita kuchipatala auzeni adokotala mosabisa kuti mumasungunula mtovu, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati pakhomo pali ana kapena mayi woyembekezera, chifukwa popanda kuwauza akhoza kufufuza matenda ena. Mankhwala othandiza kutulutsa mtovu m'thupi alipo, koma amaperekedwa ndi achipatala kwa amene mlingo wawo wakwera kwambiri, ndipo sathandiza ngati wodwalayo abwerera kukakhala pa fumbi lomwe lija.