Chiphaniphani chinatsutsa akatswiri pa nkhani ya mankhwala ogonetsa

Wodwala wa ku Angónia akatumizidwa ku Tete kukachitidwa opaleshoni, abale amati madokotala akamugoneka. Koma si tulo ayi: wogona tulo ukamutsina amadzuka.

Nawonso akatswiri anasokera zaka zambiri. Meyer mu 1899 ndi Overton mu 1901 ankati mankhwalawa amangosungunuka m'mafuta okuta maselo a ubongo, basi. Mu 1984, Franks ndi Lieb ku London anatenga enzyme (mtundu wa puloteni) yowalitsa chiphaniphani, yopanda mafuta ngakhale pang'ono, n'kuithira mankhwalawo. Kuwala kunachepa. Ndiye kuti mankhwalawa amamatirira pa mapuloteni enieniwo.

Propofol, mankhwala ogonetsa oyera ngati mkaka, amagwira puloteni ya m'ubongo yotchedwa GABA-A, chloride (mbali ina ya mchere) n'kulowa m'selo, uthenga wa m'mitsempha n'kufooka. Koma ketamine, mankhwala enanso ogonetsa, amatseka puloteni ina, ya NMDA.