Spuds MacKenzie, galu amene ankagulitsa mowa ku America

Mu 2023 ogula ena ku America ananyanyala mowa wa Bud Light chifukwa cha malonda amene kampani inachita ndi Dylan Mulvaney, munthu wotchuka pa intaneti amene anasintha kuchoka kukhala mwamuna n'kukhala mkazi, mpaka mowa wina wotchedwa Modelo Especial unatenga malo oyamba pamsika. Ambiri ankayankhula ngati aka n'koyamba mowawu kuutsa mapiri pachigwa. Mkangano unaliko kale, ndipo nthawi imeneyo unali wa galu.

Spuds MacKenzie, galu woyera wamtundu wa bull terrier wa banga lakuda padiso limodzi, anatchuka dziko lonse pa malonda a pa kanema oonetsedwa nthawi ya Super Bowl, masewera omaliza a mpira wa ku America, mu Januwale 1987. Kampani ya Anheuser-Busch, yopanga Bud Light, inkamuveka malaya amaluwamaluwa ndi magalasi a dzuwa, atsikana otchedwa Spudettes atamuzungulira paphwando. Pa kanema ankamuonetsa ngati wamphongo, koma anali wamkazi, dzina lake Honey Tree Evil Eye. Mowa unayenda malonda, ndipo nkhope yake inadzaza pa matisheti, mapositala ndi zidole.

Zidolezo ndi zimene zinautsa mkangano. Mu Novembala 1987 Senator Strom Thurmond wa ku South Carolina anaimirira m'nyumba ya malamulo ya Senate atanyamula chidole cha Spuds, n'kunena kuti kampaniyi ikukopa ana kuti azikonda mowa. Apa n'kuti patangopita zaka 3 chikhazikitsire lamulo la 1984 lokakamiza zigawo zonse kuti munthu asagule mowa asanakwane zaka 21. Pa Khirisimasi chaka chomwecho anamuveka galuyo ngati Santa Claus, chigawo cha Ohio n'kukana, chifukwa malamulo ake salola Santa pa malonda a mowa. Bungwe la amayi la MADD, lolimbana ndi kuyendetsa galimoto munthu ataledzera, nalonso linadandaula.

Kampani inkakana, ikuti malondawo ndi a akuluakulu. Pomupumitsa Spuds mu 1989 inati galuyo anatchuka kuposa mowa umene ankagulitsa. Zimenezi n'zomveka, koma zikuchokera kwa mwini nkhani, amene sakanavomera pagulu kuti wagonja. Ine madandaulo a makolo aja amandigwira mtima kwambiri: chidole cha galu chofewa, chokumbatira pogona, amene amachilirira m'sitolo ndi mwana, osati bambo wa kubala.

Galuyo anafa ndi matenda a impso mu Meyi 1993 ku Illinois. Mu 2017 kampani inamubweretsanso kamodzi pa Super Bowl, ngati mzukwa wolangiza mnyamata kuti apite kukacheza ndi anzake.