Kodi namwali wa pa Yesaya 7:14 anali ndani?

Khirisimasi ikamayandikira, Yesaya 7:14 amamveka pafupifupi pa guwa lililonse: namwali adzaima, adzabala mwana wamwamuna, dzina lake Imanueli. Ndikamaphunzitsa Chipangano Chakale ndimakonda kufunsa kuti mawuwa mneneri ankauza ndani. Ambiri amangoti zii, chifukwa vesilo analiloweza koma mutu wonse sanauwerengepo.

Ankauza Ahazi, mfumu ya Yuda, cha m'ma 734 BC. Rezini mfumu ya Aramu ndi Peka mfumu ya Israeli anapangana zothira nkhondo Yerusalemu, kuti achotse Ahazi n'kulonga mwana wa Tabeeli. Mitima ya mfumu ndi anthu ake inagwedezeka ngati mitengo ya m'nkhalango pa mphepo. Yesaya atamuuza kuti apemphe chizindikiro, Ahazi anakana, ati safuna kuyesa Mulungu. Kumeneko kunali kupembedza kwa pakamwa chabe, pakuti 2 Mafumu 16 imatiuza kuti anatumiza siliva ndi golide wa m'Kachisi kwa Tigilati-Pilesere, mfumu ya Asuri, kuti amupulumutse. Chizindikirocho, chomwe ndi kubadwa kwa mwana uja, chinaperekedwabe, ndipo chinali ndi nthawi yake: mwanayo asanadziwe kukana choipa ndi kusankha chabwino, maiko a mafumu awiriwo adzasanduka bwinja. Damasiko anagwa mu 732 BC, Samariya mu 722 BC.

Mkangano woti vesili likunena za Mariya kapena za mtsikana wa m'masiku a Ahazi wagona pa liwu limodzi. M'Chiheberi Yesaya anati almah, kutanthauza mtsikana wotha msinkhu, woti n'kukwatiwa. Liwuli palokha silinena ngati anadziwapo mwamuna kapena ayi. Ndi lomwe lagwiritsidwa ntchito ponena za Rebeka pa Genesis 24:43, komanso za mlongo wake wa Mose pa Eksodo 2:8. Ayuda amene anamasulira Yesaya m'Chigiriki, Yesu asanabadwe, anaika parthenos, liwu lomwe nthawi zambiri limanena za mtsikana wosadziwa mwamuna. Mateyu 1:23 anatsata Chigirikicho.

Kusiyana maganizoku si kwa dzulo kapena dzana. Cha m'ma 160 AD, mlembi wa Chikhristu Justin Martyr analemba zokambirana zake ndi Myuda wotchedwa Trypho, amene ankaumirira kuti vesili likunena za mtsikana wamba ndipo mwanayo ndi Hezekiya, mwana wa Ahazi. Rashi, mphunzitsi wamkulu wa Chiyuda wa ku France amene anamwalira mu 1105, anawerengetsa zaka n'kuona kuti Hezekiya anali atabadwa kale bambo ake asanalowe ufumu. Iye anati mtsikanayo ndi mkazi wa Yesaya yemwe. Choncho nawonso Ayuda sagwirizana za mwanayo, koma amagwirizana kuti chizindikiro chopatsidwa kwa mfumu yomwe adani ali pakhomo sichingadikire zaka 700. Pamenepa ine ndimawavomereza.

Ndiye kuti Mateyu analakwitsa? Taonani mmene amagwiritsira ntchito aneneri. Pa Mateyu 2:15 akutenga Hoseya 11:1, za mwana woitanidwa kutuluka m'Ejipito, n'kunena kuti zakwaniritsidwa mwa Yesu. Komatu Hoseya akutchula poyera kuti mwanayo ndi mtundu wa Israeli, ndipo akukamba zakale, osati zam'tsogolo. Mateyu ankadziwa zimenezi. Kwa iye kukwaniritsidwa sikungotanthauza kuti zoloseredwa zachitika. Kukutanthauzanso kuti zimene Mulungu anachitapo kale wazichitanso, koma mokulirapo. Nyumba ya Davide inali pa mavuto, kubadwa kwa mwana kunaonetsa kuti Mulungu ali nafe. M'masiku a Herode zikuchitikanso. Mkhristu angathe kukhulupirira zimenezi popanda kumulanda Ahazi chizindikiro chake, ndiponso popanda kunena kuti Ayuda ndi akhungu.

Kwina nkhaniyi inafika poyaka moto weniweni. Baibulo lachingerezi la Revised Standard Version litatuluka mu 1952 lili ndi mawu otanthauza mtsikana chabe, mbusa wina ku North Carolina anatentha tsamba la vesili anthu akuona. Ife mkangano wotero unatilambalala, mwina mosadziwa. Buku Lopatulika linaika namwali, ndipo pa Chichewa namwali ndi mtsikana amene watha msinkhu, uja amalangizidwa ndi anamkungwi. Kutchalitchi liwuli timalimva ngati wosadziwa mwamuna, kumudzi timalimva ngati wakula. Pa Mabaibulo amene ndimagwiritsa ntchito m'kalasi, sindinapezemo liwu loyandikira almah kuposa limeneli.