Kusonkherana ndalama za cryptocurrency n'kugula nyumba: mafunso ndi mayankho

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamadutsa malonda onena kuti ndi madola 50 okha mungathe kukhala ndi gawo la nyumba ku America n'kumalandira lendi muli khale pakhomo panu. Makampani ochita zimenezi alipodi. Koma chomwe munthu amagula si chimene otsatsa malondawo amajambula.

Kodi zimayenda bwanji?

Tinene kuti kampani yapeza nyumba ya madola 100,000. Imatsegula kakampani kena kapadera, ku America amati LLC, ndipo dzina la kakampani kameneka ndi lomwe limalembedwa pa chikalata cha umwini wa nyumbayo. Kenako umwini wa kakampaniko amaudula m'magawo 2,000 a madola 50. Gawo lililonse amalitcha token, ndipo limalembedwa pa blockchain, kaundula wa pa intaneti amene amasungidwa ndi makompyuta ambiri nthawi imodzi kuti pasakhale wofufuta mobisa. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana amalipira ndi ndalama za pa intaneti, zotchedwa cryptocurrency, monga USDC kapena Ether. Lendi ikalowa, amachotsapo msonkho, inshuwalansi, zokonzera nyumba ndi malipiro a oyang'anira. Zotsalazo amagawa molingana ndi matokeni a munthu aliyense n'kutumiza ku wallet yake, chikwama cha pa foni kapena pa kompyuta chosungiramo ndalama zimenezi.

Kampani ya RealT inayamba kugulitsa motere nyumba za mu mzinda wa Detroit mu 2019. Ina, ya Lofty, imagwiritsa ntchito blockchain ya Algorand. Izi zisanachitike, mu 2018, eni hotela ya St. Regis Aspen ku Colorado anapeza madola 18 miliyoni pogulitsa gawo la hotelayo ngati matokeni.

Ndikagula, ndiye kuti nyumbayo ndi yanga?

Ayi. Muli ndi sheya mu kampani yomwe ili ndi nyumba. Ku ofesi yolembetsa malo kulibe dzina lanu, simungakagonemo, ndipo simungathamangitse munthu amene sakulipira lendi. Ufulu wanu wonse uli m'mapepala a mgwirizano amene amanena kuti token yanu ikuimira chiyani. Ngati mapepalawo palibe, kapena analembedwa mwachinyengo, token ija ndi nambala chabe ya pa foni.

Nanga blockchain imathandizapo chiyani?

Imasunga bwino mbiri ya amene ali ndi matokeni, ndipo imachititsa kuti kutumiza tindalama tochepa kwa anthu masauzande kukhale kotchipa kusiyana ndi kudzera kubanki. Ntchito yake ithera pomwepo. Sidziwa ngati denga likudontha, ngati m'nyumbamo muli munthu, kapena ngati msonkho wa kukhonsolo walipiridwa. Zonsezo amakuuzani ndi anthu, ndipo anthuwo ali kutali. Ku banki mkhonde mumadziwa amene akusunga bokosi komanso kumene amagona. Apa mumangoona zithunzi ndi manambala amene kampaniyo yasankha kukuonetsani.

Kodi zinavutapo kwinakwake?

Ku Detroit komweko. Mu July 2025 akuluakulu a mzindawo anatengera kukhoti RealT ndi makampani ogwirizana nayo pa nkhani ya nyumba zoposa 400. Iwo anadandaula kuti nyumba zambiri zinali zosasamalidwa, zina zosayenera kukhalamo munthu, ndiponso kuti panali ngongole za msonkho ndi za madzi. Eni kampaniyo anakankhira vutoli kwa makampani omwe anawalemba ntchito yoyang'anira nyumbazo.

Kaya wolakwa ndani, nkhaniyi imaonetsa pamene pali chilema. Munthu ali ku France kapena ku Johannesburg amaona lendi ikulowa mu wallet n'kumati zonse zili bwino, pomwe amene akukhala m'nyumbamo akutchera ndowa pansi pa denga, chotenthetsera m'nyumba chafa m'nyengo ya chisanu. Nyumba ikakhala ndi eni ake mazanamazana, aliyense wa madola 50, palibe amene amakwera ndege kukaiona. Ndipo phindu lalikulu lomwe amalonjeza pa nyumba zakale zotchipa nthawi zambiri limaoneka lalikulu chifukwa ndalama zokonzera anaziwerengera mochepa. Nyumba yakale imadya ndalama, ilembedwe pa blockchain kapena ayi.

Malamulo amati chiyani?

Ku America matokeni otere amatengedwa ngati masheya, motero ali pansi pa SEC, bungwe la boma loyang'anira malonda a masheya. Muyezo wake unachokera pa mlandu wa Howey wa mu 1946, womwe unali wokhudza minda ya malalanje ku Florida: ukaika ndalama pa ntchito ya gulu n'kumayembekezera phindu lochokera ku thukuta la ena, imeneyo ndi nkhani ya masheya. N'chifukwa chake makampani ambiri amagulitsa kwa anthu akunja kapena kwa Amereka olemera okha, amene amapeza madola oposa 200,000 pachaka kapena ali ndi chuma choposa madola 1 miliyoni osawerengera nyumba yomwe akukhala. Palinso lamulo la Regulation Crowdfunding lomwe limalola kampani kusonkhetsa anthu wamba mpaka madola 5 miliyoni pa miyezi 12.

Ku Dubai anadzera njira ina. Mu 2025 ofesi ya boma yoona za malo, Dubai Land Department, inayamba kuyesa ndondomeko yomangiriza matokeni ku kaundula weniweni wa malo kudzera pa tsamba la pa intaneti la Prypco Mint. Munthu ankayambira madirham 2,000. Chochititsa chidwi n'chakuti poyambapo ankalola okhawo okhala ndi chiphaso cha dziko la United Arab Emirates, komwe kuli Dubai, ndipo kulipira kwake kunali kwa madirham, osati cryptocurrency.

Kwa omwe ali ku South Africa, bungwe loyang'anira malonda a zachuma la FSCA linalengeza mu October 2022 kuti cryptocurrency ili m'gulu la malonda a zachuma, choncho wopereka upangiri kapena wogulitsa amafunika chilolezo.

Nanga ali ku Malawi?

Reserve Bank of Malawi inachenjeza mu 2019 kuti cryptocurrency si ndalama yovomerezeka m'dziko muno. Mukataya ndalama zanu, kokadandaula kuno kulibe, ndipo mlandu ungakazengedwe ku khoti la dziko limene kampaniyo inalembetsedwa. Kutulutsa ndalama kunja kulinso ndi malamulo ake. Ngati chomwe mukufuna ndi kukhala ndi kagawo ka nyumba zochititsa lendi, pa Malawi Stock Exchange pali MPICO ndi ICON Properties, ndipo nyumba zawo mungathe kukaziona ndi maso.

Ndikafuna ndalama zanga, ndingagulitse nthawi iliyonse?

Pokhapokha wogula atapezeka. Matokeni a nyumba imodzi ya mu msewu wosadziwika sakhala ndi ogula ambiri, ndipo mbiri yoipa ikamveka aliyense amafuna kugulitsa tsiku lomwelo.

Lendi imabwera mu USDC kapena USDT. Si dola imeneyo?

Ndi lonjezo la kampani yotulutsa ndalamazi lakuti ikusunga dola imodzi pa USDC kapena USDT iliyonse. Kawirikawiri lonjezoli limasungidwa, koma mu March 2023 USDC inatsika kufika pansi pa masenti 90 banki ya Silicon Valley Bank, yomwe inkasunga ena mwa madolawo, itagwa, ndipo panatenga masiku ochepa kuti ibwerere pa dola imodzi. Ndalama ina yonga izi, TerraUSD, yomwe inalibe madola enieni kumbuyo kwake, inatheratu mu May 2022. Komanso mukataya mawu achinsinsi otsegulira wallet yanu, kapena mukatumiza ku adiresi yolakwika, palibe banki yokabweza.

Ndifufuze chiyani ndisanatumize ndalama?

Yambani ndi adiresi ya nyumbayo ndi dzina la kampani yomwe ili pa chikalata cha umwini. M'madera ambiri a ku America kaundula wa eni nyumba ndi wa msonkho amapezeka pa intaneti, ndiye mutha kudzionera nokha ngati mainawo akugwirizana komanso ngati pali ngongole. Funsani kuti woyang'anira nyumbayo ndani, ndalama zokonzera asungako zingati, ndiponso chimachitika n'chiyani kampani yogulitsa matokeniyo ikagwa. Akayamba kukulonjezani phindu lotsimikizika la mwezi ndi mwezi, kapena bonasi mukakopa abale anu kuti alowe, tsekani foni. Mirror Trading International ya ku South Africa inkakopa anthu ndi malonjezo ngati amenewa pa malonda a Bitcoin, ndipo inagwa kumapeto kwa 2020 ndi ndalama za anthu a m'mayiko ambiri.