Kupalasa njinga mosiyira miyendo mphamvu yothamangira

Mnyamata woyamba amene ndinamukonzekeretsa mpikisano wophatikiza njinga ndi kuthamanga kuno ku Kasungu anali wakabaza, ndipo pa nkhani ya mphamvu panalibe womuposa pagulu lathu. Munthu wozolowera kunyamula mayi ndi thumba la chimanga pakaliyala kuchokera m'tauni mpaka kumidzi ya kuseri kwa phiri sangaope makilomita 20 pa njinga yopanda katundu. Tsiku loyeserera anatisiya tonse kutali, nafika pamalo osinthira anzake asanaoneke n'komwe. Koma atangotsamiritsa njinga pamtengo kuti ayambe kuthamanga, miyendo inamukanira. Ndinamuona akuzula mapazi ngati munthu woyenda m'matope a kudambo, ndipo asanamalize kilomita imodzi anaima, manja ali m'mawondo, anzake aja akumudutsa mmodzimmodzi. Atapeza mpweya anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi miyendoyi ndi yanga yomwe ija?"

Miyendo inali yake ndithu, koma anaimalizira panjinga. Triathlon ndi mpikisano umene munthu mmodzi amasambira, kenako n'kupalasa njinga, n'kumalizira kuthamanga, ndipo wotchi siima ngakhale pamene akusintha nsapato. Masewerowa monga tikuwadziwira lero anayambira ku San Diego, m'dziko la America, m'chaka cha 1974, ndipo analowa mu Olympics ku Sydney m'chaka cha 2000. Mtunda wa ku Olympics ndi mamita 1,500 m'madzi, makilomita 40 panjinga ndi makilomita 10 othamanga, pamene oyamba kumene amalowa theka la mtunda umenewu. Pa mtunda uliwonse njinga ndiyo imadya nthawi yambiri, pafupifupi theka la mpikisano wonse, ndipo poti ili pakati, cholakwa chilichonse chimene mwachita muli pachishalo chimakudikirani pothamanga. Wopikisana pa njinga yokha akhoza kufika pamzere womaliza atatheratu, koma wa triathlon ayenera kutsika panjinga ntchito ikadalipo.

Chimene chinamugwetsa mnyamata uja ndi chizolowezi chimene ambirife tili nacho, chokankha mapedulo olimba pang'onopang'ono, thupi likuwezuka uku ndi uku. Minofu ya m'ntchafu ili ndi timaulusi ta mitundu iwiri. Tina timagwira ntchito modekha ndipo timapirira nthawi yaitali, pamene tina timatulutsa mphamvu yaikulu koma timatopa msanga ndiponso timamaliza msanga chakudya chimene thupi linasunga m'minofu. Mukamakankha giya yolemera, thupi limaitana timaulusi totopa msangati pafupifupi pa kupalasa kulikonse, ndiye pofika nthawi yothamanga timakhala titatha. Mukasankha giya yopepukirapo n'kumazungulitsa miyendo mofulumira, gawo lalikulu la ntchito limapita ku mtima ndi mapapo, zomwe zimabwerera m'malo mwachangu kuposa minofu yotopa. N'chifukwa chake timaphunzitsa kuti mapedulo azizungulira maulendo apakati pa 80 ndi 95 pa mphindi imodzi. Kuwerenga kwake sikufuna makina: werengani kuti bondo lakumanja lakwera kangati pa masekondi 15, kenako chulukitsani ndi 4. Mukapeza 22, ndiye kuti muli pa 88, ndipo mukapeza 14 kapena 15, monga ankapezera wakabaza uja, dziwani kuti mukudya mbewu yomwe munayenera kubzala.

Ena amadandaula kuti njinga yawo ilibe magiya, choncho uphungu umenewu sukuwakhudza. Ukuwakhudza, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti gudumu la mano lakutsogolo lili ndi mano 46, lakumbuyo lili ndi 18, ndipo tayala ndi lija lalikulu la mainchi 28, limene likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.25. Mapedulo akazungulira kamodzi njinga imayenda mamita oyandikira 5.75, kutanthauza kuti pa maulendo 90 pamphindi muyenera kukhala mukuthamanga makilomita 31 pa ola. Ndi ochepa amene angasunge liwiro limeneli pa njinga yolemera, makamaka pachitunda kapena moyang'anizana ndi mphepo, ndiye miyendo imatsika kufika pa 55 kapena 60. Mukapita kwa wokonza njinga kuti akuikireni fuliwilo (gudumu la mano lakumbuyo lija) ya mano 22, n'kuwonjezera tcheni pang'ono, kuzungulira kamodzi kumakhala mamita 4.7, ndipo maulendo 90 amakupatsani makilomita 25 pa ola. Izi n'zimene tinachita ndi njinga ya mnyamata uja. Masabata oyamba ankadandaula kuti akupalasa mphepo, koma patapita miyezi iwiri ankatsika panjinga n'kuthamanga makilomita 5 osaima. Amene muli ndi njinga ya magiya, phunzirani kusintha giya chitunda chisanakupanikizeni, ndipo pochita zimenezo muzifewetsa phazi pang'ono, chifukwa tcheni chosinthidwa mwendo ukukankha mwamphamvu chimalumpha kapena kuduka kumene.

Chishalo nachonso chimawononga miyendo yambiri mwakachetechete. Ambiri amachitsitsa kuti azitha kuponda pansi atakhala, zomwe n'zomveka kwa munthu wonyamula katundu m'njira za kumudzi, koma pa mpikisano zimachititsa kuti bondo lisawongoke, ntchafu zizitentha, ndiponso kutsogolo kwa bondo kuzipweteka. Khalani pachishalo wina atakugwirirani njinga, ikani chidendene papedulo imene ili pansi penipeni, ndipo kwezani chishalo mpaka mwendo utawongoka popanda chiuno kupendekera mbali. Mukabweza phazi kuti mupalase ndi chakutsogolo kwake, pansi pa zala, bondo limatsala lopindika pang'ono, ndipo m'pamene pakufunika. Ngati chiuno chikugwedezeka popalasa kapena kuseri kwa bondo kukukoka, mwakweza kwambiri. Musinthe pang'onopang'ono, theka la sentimita pa nthawi, ndipo mukapeza malo oyenera lembani chizindikiro pachitsulo kuti wobwereka njinga asakusokonezereni.

Ku Kasungu tilibe mapiri ambiri okwera ngati anzathu a ku Dedza kapena ku Nkhata Bay, ndipo mdani wathu weniweni ndi mphepo. Liwiro likapitirira makilomita 25 pa ola pamalo athyathyathya, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera kukankha mpweya, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mpweya umakana kanayi. Aliyense amene wapalasa mu June kapena July kulowera ku Lilongwe, mwera ukumuwomba kumaso, akudziwa zimene ndikunena. Pindani zigongono, tsitsani chifuwa, bwezerani mawondo pafupi ndi felemu, ndipo musavale malaya okupiza ngati mbendera. Zimenezi n'zaulere, koma zimapindulitsa kuposa zitsulo zodula zimene anthu amasirira pa intaneti. Dziwaninso kuti kubisala kumbuyo kwa mnzanu kumachepetsa ntchito kwambiri, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, n'chifukwa chake mipikisano yambiri ya anthu wamba imaletsa zimenezi ndipo imalamula kuti pakhale mpata wa mamita 10 kapena kupitirira pakati pa njinga ziwiri. Ngati nthawi zonse mumayeserera mutabisala pagulu, tsiku la mpikisano mphepo idzakudabwitsani, choncho kamodzi pa sabata muzipalasa nokha.

Pa luso la pamsewu sindinyengerera wophunzira aliyense, chifukwa pamenepa pali moyo. Msewu wa M1 umakhala ndi magalimoto akuluakulu, makamaka nyengo ya malonda a fodya pamene malole amakhala akupita ku Chinkhoma, ndipo m'malo ena m'mphepete mwa tara muli mchenga ndi zigumukire. Muyenera kudziwa kucheuka kumbuyo njinga osapatuka, kutulutsa botolo n'kumwa maso ali kutsogolo, ndiponso kupereka chizindikiro ndi dzanja musanakhote. Zonsezi timaziphunzirira pabwalo la mpira tisanapite pamsewu, pojambula mzere pansi ndi kupalasa pamwamba pake mobwerezabwereza. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, ngakhale ambiri amaiopa, ndipo chinsinsi chake n'kugwira mabuleki onse awiri pamodzi, matako mutawakankhira kumbuyo kwa chishalo. Pokhota, chepetsani liwiro musanalowe pakona, pedulo yakunja ikhale pansi mutaiponda, ndipo maso ayang'ane kumene mukufuna kutulukira, pakuti njinga imatsata maso. Mukalowa mumchenga musagwire buleki yakutsogolo kapena kukhotetsa mahandulo mwadzidzidzi, koma pitirizani kupalasa mowongoka mpaka mutatuluka. Ine ndimakonda kutengera ophunzira m'misewu yafumbi ya kumaesiteti m'mamawa, kumene magalimoto ndi ochepa ndipo mchenga umaphunzitsa manja kudekha.

Pa zogula, choyamba ndi chipewa cha njinga, ndipo palibe mpikisano wa triathlon umene ungakuloleni popanda icho. Malamulo amati chikhale chomangidwa musanakhudze njinga pamalo osinthira, ndipo musachimasule mpaka mutaiimikanso. Ngati mukugula chapakaunjika, yang'anani mkati mwake, ndipo mukaona mng'alu chisiyeni, chifukwa chipewa chimene chinamenyekapo kale sichitetezanso mokwanira. Chikhale chophimba chipumi, ndipo lamba wake alole zala ziwiri zokha pansi pa chibwano. Pambuyo pake pakubwera matayala abwino opopedwa mogwirizana ndi manambala olembedwa m'mbali mwake, chubu chapadera, pampu, ndi zigamba ndi guluu wake. Phunzirani kusintha chubu nokha, ndipo musanaike chatsopano yendetsani chala mkati mwa tayala kuti mupeze munga umene unaboola choyamba. Tcheni chizipukutidwa n'kudonthezedwa mafuta ochepa, chifukwa mafuta ambiri akakumana ndi fumbi lathu la chilimwe amasanduka phala lodya mano a magudumu. Njinga yodula ikhoza kudikira.

Panjinga ndi pamene m'mimba mumalandira chakudya mosavuta, choncho ndi pamene muyenera kudyera ndi kumwera kuthamanga kumene kukubwera. Pa ulendo wopitirira ola limodzi, botolo la theka la lita kapena kuposerapo pa ola lililonse ndi poyambira pabwino, ndipo mu October muwonjezere n'kuthiramo kamchere ndi shuga pang'ono. Nthochi imodzi kapena ziwiri pa ola, kapena mbatata yophika, zimakwanira. Mumwe pang'onopang'ono pafupipafupi, ndipo musayese chakudya chachilendo tsiku la mpikisano.

Chimene chimamanga zonsezi pamodzi ndi kuyeserera kutsika panjinga n'kuthamanga nthawi yomweyo. Popalasa, chiuno chimakhala chopindika ndipo thupi limanyamulidwa ndi chishalo, koma pothamanga miyendo imasenza thupi lonse ndipo minofu imagwira ntchito mwa dongosolo lina, ndiye mphindi zoyamba zimamveka zachilendo ngakhale kwa akatswiri. Thupi limazolowera mukamaliphunzitsa. Kamodzi pa sabata, mukamaliza kupalasa, valani nsapato zothamangira pasanathe mphindi ziwiri n'kuthamanga mphindi 10 kapena 15. Pa kilomita yomaliza ya njinga pepukitsani giya, imirirani pamapedulo kamphindi kuti msana uwongoke, ndipo poyamba kuthamanga ponyani mapazi pafupipafupi mpaka miyendo itabwerera. Pamalo osinthira, mpikisano usanayambe, nsapato ziikidwe zotsegula kale, chipewa chikhale chagada pamahandulo malamba ali panja, kuti manja azigwira zinthu m'dongosolo lomwelo nthawi zonse.

Za mipikisano, vuto lathu kuno ndi madzi. Madamu ndi madambo athu ambiri angakupatseni likodzo, ndipo damu la Lifupa ku Kasungu National Park ndi la mvuu, choncho sindilola wophunzira wanga kusambira paliponse pamene waona madzi. Nyanja ili ku Nkhotakota kapena ku Salima, ndipo kumeneko n'kopita pagulu, pamodzi ndi anthu odziwa malowo komanso bwato loperekeza. Chimene tingachite pakhomo pano ndi duathlon, imene imachotsa kusambira n'kuikapo kuthamanga kawiri, ndipo mtunda wake waufupi ndi makilomita 5 othamanga, 20 panjinga, ndi 2.5 othamanganso. Sukulu, mpingo kapena gulu la akabaza likhoza kukonza mpikisano wotere popanda ndalama zambiri. Okonza adziwitse apolisi apamsewu, ofesi ya zamasewero ya boma ndi mafumu a midzi imene njira ikudutsa, asankhe msewu wopanda magalimoto ambiri ndipo apewe tsiku la msika. Mpikisano uyambe 6 koloko m'mawa dzuwa lisanakwere, pamphambano iliyonse payime munthu wa mbendera, pakhale madzi akumwa ndiponso wachipatala mmodzi ndi galimoto yake. Njinga zopanda magiya zipikisane pazokha kuti akabaza asaope kulembetsa, ndipo dzulo lake njinga iliyonse iyesedwe mabuleki, mahandulo ndi manati a matayala pamaso pa wokonza njinga wodalirika.