Amayi oyembekezera, musasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mphekesera

Yankho limene anamwino timalimva kusikelo ndi lomwelomwelo, kaya ndi ku Khombedza, ku Lifuwu kapena ku Dwangwa. Mayi wafika ndi pakati pa miyezi isanu, m'buku lake la kuchipatala mwalembedwa kuti amadwala khunyu kapena kuthamanga kwa magazi. Mukamufunsa za mankhwala ake akuti, "Ndinasiya nditangozindikira kuti ndaima. Apongozi anati andiphera mwana." Mufunsenso zimene wamwa mwezi uno. Bulufeni wa paokala chifukwa cha msana, makapisozi a pamsika chifukwa cha chikhodzodzo, ndi kabotolo ka mizu kobisidwa m'chitenje. Mankhwala oyezedwa bwino wawataya, osadziwika mlingo wake ndiwo akumwa. Zimenezi zafika potopetsa.

Ndiyambe ndi khunyu, chifukwa ndiyo imandisowetsa tulo. Inde, ena mwa mankhwala ake amatha kuvulaza mwana m'mimba. Woopsa kwambiri ndi sodium valproate: mwa ana 10 obadwa kwa amayi omwa mankhwalawa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema. Phenobarbital, amene ambiri amalandira m'zipatala zathu, chiopsezo chake ndi chocheperapo ngakhale sichisowa. Koma tamvani izi. Msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka pofika masiku 28 chitengereni pakati, nthawi imene amayi ambiri amakhala akungodabwa kuti mwezi wachedwa. Mukasiya mankhwala pa miyezi itatu simunapewe chilema cha msana ndi ubongo, mwangotsegulira khomo matenda akugwa. Phenobarbital ukamusiya mwadzidzidzi, khunyu imabwerera yamphamvu kuposa kale. Ndiye taganizirani mayi wa miyezi isanu ndi iwiri atawerama pamafuwa akuvundula nsima, kapena akuchapa m'madzi ofika m'mawondo ku Senga Bay, pafupi palibe munthu. Amene amafika kuchipatala amabwera atapsa dzanja ndi mbali ya mimba, abale ataima patali poopa kuti thovu la kukamwa liwapatsira matenda, zomwe ndi zabodza. Kugwa kukatalika, mwana m'mimba amasowa mpweya. Nthawi yosinthira mankhwala a khunyu ndi musanaime, ndipo wosintha ndi dokotala, pang'onopang'ono, akukupatsaninso folic acid. Ngati mwaima kale, pitirizani kumwa ndipo mubwere sabata yomweyo.

Kuthamanga kwa magazi nkhani yake ndi yaifupi. Captopril ndi enalapril amawononga impso za mwana, choncho timasintha nkupereka methyldopa kapena nifedipine. Timasintha, sitisiyitsa. BP ikafika 140/90, mutu ukuwawa osasiya, maso akuona nyenyezi, nkhope ndi manja zatupa, limenelo si vuto la bulufeni. Nyamukani usiku womwewo. Kuchipatala kuli jekeseni wa magnesium sulphate, amene kafukufuku wamkulu wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anasonyeza kuti amachepetsa kukomoka kobwera ndi vuto limeneli ndi theka nkupitirira.

Bulufeniyo, pamodzi ndi abale ake diclofenac ndi indosidi, mimba ikapitirira masabata 20 amatha kuchepetsa madzi amene mwana amasambiramo, ndipo kumapeto amatseka msanga kamtsempha ka pamtima pa mwana kamene kamayenera kutsekeka atabadwa. Pa ululu wamba, Panado ndi wokwanira: mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi patsiku. Makapisozi a doxycycline ndi tetracycline amadetsa mano a mwana asanamere nkomwe.

Za ma ARV sindichulutsa. Dziko lino ndilo linayamba, mu 2011, kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo. Mantha amene anabuka mu 2018 kuchokera ku Botswana, akuti dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, angalumalitse mwana m'mimba, anachepa pamene amayi ochuluka anatsatidwa, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linavomereza mankhwalawa kwa amayi onse. Kudumphitsa masiku ndiko kumapatsira mwana kachilombo. Koma ngati mukumwa Bakitirimu tsiku lililonse, nenani, chifukwa simuyenera kumwanso Fansida. Kwa ena nonse, kuno kunyanja kumene udzudzu sudziwa chilimwe, Fansida ndi mapiritsi atatu omwera pamaso pa namwino, kuyambira sabata ya 13, motalikirana mwezi umodzi, osachepera katatu. Malungo amabisala m'nsengwa mayi osamva kutentha thupi, nkumamudyera magazi, mwana nkubadwa wonyentchera. Mapiritsi owonjezera magazi amadetsa chimbudzi, zimenezo si matenda. Akakuchititsani nseru imwani pogona, ndipo musatsitsire ndi tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi.

Tsopano nkhani imene mabanja safuna kuitchula. Bungwe la WHO limati padziko lonse mayi mmodzi mwa 10 oyembekezera amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo m'mayiko osauka chiwerengero chimakwera kufika pafupifupi 16 mwa 100. Ife timangoti "ndi mimba imeneyo, yamudanitsa ndi anthu." Mayi amene kwa masabata awiri kapena kuposerapo sakugona, sakudya, akulira yekha kuseri kwa nyumba, mtima ukungogunda, sakusamba, ndipo zimene ankakonda zamutuluka, akudwala. Si ulesi, si mwano kwa amuna ake. Mayi wotere ndi amene amajomba kusikelo, amaiwala ma ARV, ndipo mwana wake nthawi zambiri amabadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane.

Amene anali kale pa mankhwala a kukhumudwa monga amitriptyline kapena fluoxetine ndiwo amathamangira kusiya. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2006 anatsata amayi amene anadwalapo kukhumudwa kwakukulu: mwa amene anasiya mankhwala ali ndi pakati, 68 mwa 100 anadwalanso, pamene mwa amene anapitiriza anali 26. Mankhwalawa ali ndi zovuta zake, sindibisa. Mwana amatha kubadwa akunjenjemera pang'ono, wovuta kuyamwa kwa masiku ochepa, nchifukwa chake mzamba wa kuchipatala ayenera kudziwiratu. Zimenezo zimatha. Ndipo si aliyense amafuna mapiritsi: kwa ambiri uphungu wokambirana mavuto limodzilimodzi umagwira ntchito, monga inasonyezera njira ya Friendship Bench imene inayambira ku Harare. Funsani namwino wa matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota.

Abambo ndi anakubala, izi ndi zanu. Mayi akanena kuti "bola ndingofa," musamuseke kapena kumudzudzula, ndipo musamusiye yekha. Akakhala m'chikuta masiku oyambirira nkuyamba kusagona usiku wonse, kulankhula zosalumikizana, kumva mawu a anthu osaoneka, kapena kukana mwana kuti si wake, musataye sabata mukuzungulira kwa ochotsa majini ndi ziwanda. Pempherani ngati mufuna, koma pempherani muli pa kabaza wopita kuchipatala. Matendawa amachizika, ndipo masiku amene mukuchedwawo ndi amene mayi kapena khanda amavulala.

Chimene chimachedwetsa zonsezi ndi kubisa mimba mpaka ionekere, poopa kuti anthu oipa aimanga. Sikelo iyambe miyezi itatu isanathe, ndipo maulendo akwane asanu ndi atatu. Paulendo woyamba tengani mujumbo chilichonse chimene mumamwa, ngakhale timapepala ta paokala ndi mizu yomwe.

Mizuyo, makamaka mwanamphepo. Amayi amamwa matenda akayamba, ena ali kuchidikiro pafupi ndi wodi penipeni, atalowetseredwa mufulasiki ngati phala. Amati amafulumizitsa, ndipo nzoona amafulumizitsa, vuto lake ndi lomwelo. Chiberekero chimayenera kukoka nkupumula, chifukwa mwana amalandira mpweya pa kupumulapo. Mankhwala achikudawa amachikoketsa mosalekeza njira isanatseguke. Mwana amabanika, amachita chimbudzi m'mimba, madzi nkutuluka obiriwira. Chiberekero chimatha kung'ambika, makamaka kwa amene anachitidwapo opaleshoni kapena wabereka kambiri, ndipo magazi amatayikira mkati mosaoneka. Nafenso kuchipatala tili ndi mankhwala okoketsa, oxytocin, koma amayenda mudiripi, madontho akuwerengedwa, mtima wa mwana ukumvetseredwa, ndipo zikavuta timatseka. Zimene mwameza palibe angazitseke. Chiberekero chikang'ambikira pachipatala chaching'ono chopanda fiyeta, moyo umadalira ambulansi ndi msewu.

Ngati mwamwa kale, uzani namwino pakhomo pomwe: mwamwa chiyani, makapu angati, nthawi yanji. Mwina akalipa, koma adziwa kuti mtima wa mwanayo aumvetsere pafupipafupi, ndi kuti galimoto aiyitanitse msanga.